Sikelo ili ku geti, kompyuta ili mu ofesi: kutchera serial device server kuti manambala afike

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pa depoti yogula soya ndi chimanga. Tili ndi sikelo yoyezera malole, ndipo indiketa yake, kachipangizo koonetsa kulemera, ili m'kanyumba ka pa geti, mamita pafupifupi 70 kuchokera ku ofesi. Indiketayo imatulutsa kulemera kudzera pa waya wa serial wa RS-232, pomwe pulogalamu yathu yolembera malisiti imangodziwa COM port basi, khomo la serial la pa kompyuta. Tagula Moxa NPort W2150A, kabokosi ka serial device server kolumikiza sikelo ku netiweki, kuti tisiye kukopera manambala pamanja. Ndayiyatsa, ndalumikiza zonse, koma pa sikirini sipakubwera kanthu. Ndiyambire pati? Nanga ndigwiritse ntchito WiFi kapena ndikoke waya?

Yankho: Achimwene, mtima ukhale m'malo, chimene mwagulacho n'choyenera ntchito imeneyi. Chomwe chakusokonezani n'chakuti mwalumikiza zonse nthawi imodzi, sikelo, kabokosi, WiFi ndi pulogalamu, ndiye sikirini ikangokhala zii mulibe pogwira. Kabokosi kameneka ndi mtengatenga chabe. Sikadziwa kuti kilogalamu n'chiyani. Kamalandira zilembo kuchokera ku waya wa serial, n'kuzimanga m'timapaketi ta netiweki, n'kuzitumiza. Zochokera ku netiweki kamazimasula n'kuzibwezera ku serial. Mukakapatsa zinyalala, kakafikitsa zinyalala zomwezo osataya ndi chimodzi chomwe. Choncho pali mfundo zitatu pa chingwe chanuchi: pakati pa sikelo ndi kabokosi, pakati pa kabokosi ndi netiweki, ndi pakati pa netiweki ndi pulogalamu. Mfundo iliyonse muyiyese payokha, ndipo musapite pa yachiwiri yoyamba isanavomere.

Yambani mwakaika pambali kabokosiko. Tengani laputopu ndi kachingwe ka USB kupita ku serial, mupite nazo m'kanyumba ka pa getiko, mulumikize ku indiketa, mutsegule PuTTY kapena Tera Term, mapulogalamu oonetsa pa sikirini zilembo zobwera pa waya. Buku la indiketa likuuzani liwiro lake. Masikelo ambiri amalankhula pa 9600, ma data bit 8, popanda parity, stop bit imodzi, koma alipo ena a 2400 kapena 4800, ndi ena a ma bit 7 ndi even parity. Muuze mlonda aime pa sikelo, inu muyang'ane sikirini. Zikakhala bwino muona mizere ikutsika yofanana ndi uwu: ST,GS,+0000060kg. Kalembedwe kamasiyana malinga ndi kampani, koma nambala muyizindikira. Mukaona zilembo zachilendo zosawerengeka, sangalalani, chifukwa waya ali bwino, cholakwika ndi liwiro kapena parity basi. Chovuta ndi pamene sipakubwera kanthu.

Apa pamakhala zifukwa ziwiri. Choyamba, indiketa ikhoza kukhala kuti siyikutumiza n'komwe. Zina zimatumiza mosalekeza, zina zimadikira munthu adine batani la print, zina zimadikira kompyuta izifunse. Dinani print muone ngati mzere umodzi utuluke. Chachiwiri ndi mapini. Pa pulagi ya serial ya mapini 9 yotchedwa DB9, mapini ofunika ndi atatu: 2, 3 ndi 5. Ku mbali ya kompyuta, pini 3 ndiyo pakamwa, pini 2 ndiyo khutu, pini 5 ndi ground. Pakamwa pa sikelo payenera kulunjika pa khutu la kabokosi. Opanga masikelo sagwirizana pa nkhani imeneyi, ena amafuna chingwe cholunjika, ena chopingasa chija timati null modem, ndipo mabuku awo nthawi zina amajambula pulagi moyang'ana kutsogolo pomwe inu mukuwotcherera kumbuyo. Ine sindilimbana ndi zojambula, ndimatenga multimeter. Ikani pa DC, waya wakuda pa pini 5, wofiira pa pini 2, kenako pa pini 3, chingwe chili chosalumikiza mbali inayo. Pini yolankhula ikakhala chete imaonetsa voteji ya negative, kawirikawiri pakati pa -5 ndi -12, pomwe pini yomvera imakhala pafupi ndi ziro. Ngati sikelo ikutumiza mosalekeza nambalayo izigwedera, koma muyiona ndithu. Yesaninso ku kabokosi. Mukapeza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi voteji pa waya mmodzi, ndiye kuti onse akulankhulira m'kamwa mwa mnzake. Sinthanitsani 2 ndi 3 mbali imodzi. Ubwino wake, pulagi ya NPort yanuyo ndi yamphongo yofanana ndi ya kompyuta, kotero chingwe chimene chagwira pa laputopu chigwiranso pa kabokosi.

Chenjezo limodzi muli m'kanyumbamo. Pa maindiketa ena, menyu ya serial ili pamodzi ndi menyu ya calibration yokonzera kulondola kwa sikelo, kuseri kwa chidindo chimene a Malawi Bureau of Standards amaika akayeza sikelo. Musadule chidindocho kuti musinthe liwiro. Sikelo isiyeni mmene ilili, kabokosi ndiko katsatire sikelo.

Mukakhala ndi manambala anayi aja (liwiro, data bit, parity ndi stop bit) olembedwa papepala, bwererani ku ofesi ndi kabokosi, mukatchere pa tebulo musanakakhome pakhoma. Tengani chingwe cha Ethernet, mbali ina ku laputopu, ina ku kabokosi, kenako muyatse. W2150A imachoka ku fakitale ndi maadiresi awiri: 192.168.126.254 pa waya, ndi 192.168.127.254 pa WiFi. Laputopu yanu muyipatse adiresi ya m'banja lomwelo, monga 192.168.126.10 ndi mask 255.255.255.0, muzimitse kaye WiFi ya laputopuyo, mutsegule browser n'kulemba adiresi ya kabokosi. Pa firmware zatsopano dzina ndi admin, pasiwedi ndi moxa. Isintheni pomwepo, musati mawa.

Pali msampha wina pa mtundu umenewu umene ndikuganiza kuti mwina ndiwo wakugwirani. Kabokosika kamagwiritsa ntchito njira imodzi pa nthawi. Kakayaka chingwe cha Ethernet chili cholumikiza, kamasankha waya ndipo WiFi imagona. Anthu amatchera WiFi bwinobwino, n'kumadikira kuti ilumikize chingwe chikadali mommo, mpaka kuganiza kuti agula chakufa. Mukamaliza kutchera WiFi, zulani chingwe, zimitsani, yatsaninso. Kumbukiraninso kuti adiresi ya pa waya ndi ya pa WiFi zimatcheredwa padera. Kusintha ina sikusintha inzake.

Adiresiyo ikhale yokhazikika, static, osati yochita kupatsidwa ndi rauta. Pa mfundo iyi sindinyengerera. Ndinaitanidwapo pa malo ena pomwe sikelo inkasowa pa netiweki nthawi iliyonse magetsi akathima n'kubwera. Chinkachitika n'chakuti kabokosi kankadzuka msanga rauta isanadzuke, ndipo pomwe rauta imayamba kugawa maadiresi, adiresi ya dzulo ija inali itapita kale ku foni ya munthu wina. Kompyuta inkagogodabe pakhomo lakale. Malole anali pamzere, alimi akudikira ndalama zawo, anthu akuloza chala sikelo yosalakwa. Lowani mu rauta yanu muone malire a DHCP, ndiwo maadiresi amene rautayo imagawa yokha. Ngati imagawa kuyambira 192.168.1.100 mpaka 200, kabokosi mukapatse 192.168.1.50, mask 255.255.255.0, gateway ikhale adiresi ya rauta. Mukatero lembani adiresiyo ndi liwiro la serial pa kapepala komata, mumate pa kabokosi penipenipo. Amene adzabwere pambuyo panu adzakuthokozani.

Tsopano lowani pa Serial Settings muike manambala a sikelo aja. Ma NPort ambiri amabwera ali pa 115200 ndi flow control ya RTS/CTS. Poti chingwe chanu chili ndi mawaya atatu okha, flow control ikhale None, ndipo interface ikhale RS-232, chifukwa W2150A imathanso RS-422 ndi RS-485 pa pulagi yomweyo.

Tafika pa operation mode, pamene anthu ambiri amasokonekera chifukwa mayina ake ndi ambiri. Funso lake ndi limodzi: ndani akuimbira mnzake? Pa TCP Server kabokosi kamakhala phee kudikira, kompyuta ndiyo imaimba. Pa TCP Client kabokosi ndiko kamaimbira kompyuta, zomwe zimathandiza ngati kali kutali kuseri kwa rauta ya anthu ena. UDP imangoponya osafunsa ngati zafika. Pair Connection ndi ya timabokosi tiwiri tongolowa m'malo mwa chingwe chachitali cha serial. Inu amene pulogalamu yanu imangodziwa COM port mukufuna Real COM. Pamenepa mumaika driver pa kompyuta, imene imanamiza pulogalamu kuti pali COM port yeniyeni kumbuyo kwa kompyuta pomwe zilembo zikuchokera ku geti.

Koma musanasankhe Real COM, ndikupempheni mudutse kaye pa TCP Server kwa mphindi khumi. Kakhomeni kabokosi ku sikelo, mubwerere ku ofesi, muchite ping adiresi ija, lamulo lofunsa ngati kabokosi kakumveka pa netiweki. Ikayankha, tsegulani PuTTY, musankhe Raw, mulembe adiresi ndi port 4001. Mizere ija munayiona pa laputopu iyenera kutsika pano chimodzimodzi. Ikatsika, mwatsimikiza mfundo ziwiri popanda driver wina aliyense pakati, ndipo chilichonse chovuta pambuyo pake mudziwa kuti chili mu Windows kapena mu pulogalamu. Mayeso omwewa amagwira pa zipangizo za makampani ena, kungosiyana nambala. Za Lantronix, mwachitsanzo, zimadikira pa port 10001.

Mukakhutira, sinthani kupita pa Real COM, muike NPort Windows Driver Manager pa kompyuta ya malisiti, muyitsegule ngati administrator, mudine Add. Ikhoza kufufuza yokha kudzera pa UDP port 4800, koma firewall ikatsekereza ingolembani adiresi pamanja. Zilembo zimadutsa pa TCP port 950 ndipo malamulo owongolera port amadutsa pa 966, choncho ngati pali firewall pakati, manambala awiriwa atseguke. Sankhani nambala ya COM imene pulogalamu yanu imavomera. Mapulogalamu ena akale sapitirira COM4 kapena COM9. Dziwaninso kuti pa Real COM pulogalamu ndiyo imalamula liwiro ikamatsegula port. Mukhoza kulemba 9600 pa tsamba la kabokosi, koma ngati mu pulogalamu muli 4800, kabokosi kamvera pulogalamu. Ndipo COM port imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi pa nthawi, ndiye tsekani PuTTY musanatsegule ya malisiti. Ngati tsiku lina mudzafune driver wa kampani ina kapena kompyuta ya Linux, pali njira yovomerezeka kwa onse yotchedwa RFC 2217, ya mu 1997, imene ma NPort ambiri ndi mapulogalamu monga ser2net amaidziwa.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa sikirini yopanda kanthu, ndicho sikirini yoonetsa nambala yolakwika. Pa waya wa serial zilembo zimabwera mondondozana, chimodzi pambuyo pa chinzake, pa 9600 chilichonse chimatenga pafupifupi millisecond imodzi. Pa netiweki zimabwera m'magulu, ndipo kabokosi kakhoza kudula mzere pakati: paketi yoyamba itenge ST,GS,+00123, yachiwiri itenge 40kg. Pulogalamu yolembedwa bwino imadikira mapeto a mzere. Yolembedwa mothamanga imawerenga chimene chafika, n'kuonetsa 123 m'malo mwa 12340, kapena nambala imangophethiraphethira. Pa sikelo yogulira mbewu imeneyo ndi ndalama ya mlimi. Mankhwala ake ali pa gawo la Data Packing. Mizere ya masikelo ambiri imathera ndi zilembo ziwiri zosaoneka, CR ndi LF, zomwe mu hex ndi 0D ndi 0A. Ikani Delimiter 1 pa 0D, Delimiter 2 pa 0A, ndipo kabokosi kazidikira mzere wonse kasanatumize. Koma tsimikizani kaye kuti sikelo yanu imathera ndi zimenezi, chifukwa ina imathera ndi 0D yekha, ina ndi 03. Mukaika delimiter imene siyibwera, kabokosi kamasunga zilembo mpaka nkhokwe yake itadzaza, ndiye manambala amafika mochedwa komanso mwamulu. Njira ina yosavuta ndi Force Transmit: mumakauza kuti waya akakhala chete kwa ma millisecond akutiakuti, katumize zomwe kali nazo. Pa 9600 ma millisecond 5 mpaka 10 amakwana, bola sikelo imapumira pakati pa mizere.

Chinanso cha pafupi ndi chimenechi: TCP, njira imene kabokosi ndi kompyuta amatumizirana zilembo, siyitaya kanthu, imabwereza mpaka zitafika. Netiweki ikadukiza masekondi angapo n'kubwerera, mizere yakale imakhuthuka yonse pamodzi, ndipo kwa kanthawi kalaliki akhoza kuona kulemera kwa nthawi imene lole inali isanakwere yonse. Uzani akalaliki kuti asasindikize lisiti nambala isanakhazikike, ndipo ngati pulogalamu imalola, izivomera mizere yokhayo imene sikelo yaika chizindikiro choti yakhazikika, monga ST uja. Onaninso TCP alive check time. Imabwera ili pa mphindi 7, kutanthauza kuti kompyuta ikazima mwadzidzidzi kabokosi kakhoza kugwirabe kulumikizana kwakufako mpaka mphindi 7, kukana wina aliyense chifukwa Max connection ili pa 1. Itsitseni ifike pa mphindi imodzi.

Tsopano funso lanu la waya kapena WiFi. Ine ndikuti kokani waya. Si nkhani ya liwiro ayi. Sikelo yotumiza mizere khumi pa sekondi siyifika ngakhale zilembo 200, zomwe netiweki iliyonse imanyamula osamva. Nkhani ndi ya kukhazikika. Pakati pa geti ndi ofesi yanu padutsa malole, ndipo lole yodzaza matumba ndi khoma lachitsulo loyenda, limene limaima pakati pa ma antenna nthawi yomweyo imene mukufuna nambala. Onjezerani malata a kanyumba ndi a shedi. Ethernet imafika mamita 100, inu muli pa 70, ndiye mukukwana. RS-232 yokha musayese kuyikoka mtunda umenewo, inapangidwira mamita 15 okha. Kabokosi kakhale pafupi ndi indiketa, chingwe cha serial chikhale chachifupi, mtunda unyamulidwe ndi netiweki.

Koma walira mvula walira matope. Waya wa kopa pakati pa nyumba ziwiri ndi njira ya mphenzi, ndipo nyengo ya dzinja kwathu kuno siyichita masewera. Sikelo ya malole ndi chitsulo chachikulu chili pambalambanda. Chiphaliwali chikagwa ngakhale chapatali, kusiyana kwa voteji pakati pa nthaka ya ku geti ndi ya ku ofesi kumadutsa m'chingwe chanucho. Ndaonapo switch, kabokosi ndi port ya indiketa zitapsa usiku umodzi. Ngati mukoka kopa, gulani chingwe cha panja, chidutse m'paipi pansi pa nthaka kutali ndi mawaya a magetsi, muike surge protector ya Ethernet mbali zonse ziwiri yolumikizidwa ku earth yabwino. Ngati thumba likulola, fibre ndi ma media converter awiri ndiyo njira imene ndingasankhe pa depoti yanga, chifukwa galasi silinyamula magetsi. Poti mukukumba kale ngalande, kusiyana kwa mtengo kumachepa poyerekeza ndi indiketa yatsopano.

Ngati kukumba sikutheka, mwina malo ndi a lendi kapena pakati pali konkire, WiFi igwira koma muyisamalire. Antenna ituluke kunja kwa malata, ikwere pamwamba kuposa lole yodzaza, ndipo izionana maso ndi maso ndi access point ya ku ofesi. Musatsekere kabokosi ndi antenna yake m'bokosi lachitsulo. Sankhani Infrastructure mode, mulembe dzina la WiFi (SSID) ndendende ndi zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chitetezo chikhale WPA2 ndi AES. Pa 2.4 GHz khomani channel ya rauta pa 1, 6 kapena 11 m'malo moyisiya pa auto, chifukwa rauta ikamasintha channel yokha kabokosi kamadukiza. Mphamvu ya siginolo ikhale cha pa -65 dBm kapena kuposa (nambala ikamayandikira ziro ndiye kuti siginolo ndi yamphamvu). Ikatsika kupyola -75 muyembekezere mavuto. Onani ngati access point ili ndi client isolation kapena AP isolation, muyizimitse, apo ayi zipangizo ziwiri zonse ziona intaneti koma osaonana. Pachifukwa chomwechi musadalire ka MiFi kapena hotspot ya foni, komanso musaike sikelo pa netiweki ya alendo imene madalaivala amaonerapo mavidiyo. Mukatha, siyani ping -t ikuyenda kwa ola lathunthu pa nthawi imene malole achuluka, osati Lamlungu masana pabwalo pali mbee.

Za magetsi mwachidule: kabokosika kamalandira 12 mpaka 48 volts DC, choncho n'kosavuta kukadyetsa kuchokera ku batire kapena UPS yomweyo ya indiketa. Switch ndi rauta nazonso zikhale pa UPS, chifukwa palibe phindu sikelo kukhala yoyaka njira yake itafa.

Musanatseke browser, tsekani makomo. Zimitsani Telnet console ngati simuigwiritsa ntchito, siyani HTTPS yokha ngati firmware ikulola, ndipo pa Accessible IP List muikepo kompyuta ya malisiti ndi laputopu yanu basi. Samalani kuti adiresi yanu ilipo musanadine Submit, kuti musadzitsekere kunja. Bwana akadzafuna kuona sikelo ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, musatsegule port pa rauta kuloza ku kabokosi. Gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezedwa yolowera pa netiweki yanu muli kutali. Kumbukirani kuti msewu umenewu ndi wopita ndi kubwera. Maindiketa ambiri amalandira malamulo a zero ndi tare kudzera pa serial, ndiye aliyense wofika pa port imeneyo akhoza kusuntha sikelo yanu ali patali. Ngati pulogalamu yanu imangomvetsera, osatumiza kanthu ku sikelo, mukhoza kungosiya osalumikiza waya wochokera pa pini 3 ya kabokosi, ndipo khomo limenelo latsekeka ndi manja.

Mwina mawa mudzafuna kulumikizanso mita ya magetsi kapena inverter ya sola ya Modbus RTU pa RS-485. Kabokosi konga aka kadzanyamula zilembozo koma sikadzazisandutsa Modbus TCP ya pa port 502. Imeneyo ndi ntchito ya gateway, monga MGate ya kampani yomweyo. Ndangotchula kuti musadzagule cholakwika.

Mayeso omaliza muwachite lole ili pa sikelo. Wina aime m'kanyumba awerenge nambala ya pa indiketa mokweza pa foni, inu muyang'ane pa sikirini, zifanane mpaka nambala yomaliza. Kenako zimitsani kabokosi, muyatsenso, muwerenge masekondi mpaka nambala ibwerere. Chitani chimodzimodzi ndi rauta, kenako ndi kompyuta, kenako zimitsani zonse pamodzi monga mmene magetsi amachitira. Ngati pena pakufunika kutseka pulogalamu n'kuyitsegulanso, lembani zimenezo papepala mumate pafupi ndi kalaliki. Zonse zikayenda, lowani pa tsamba la kabokosi muchite Export ya configuration, musunge fayiloyo pa flash ndi pa imelo yanu, kuti kabokosi kakadzapsa, katsopano kadzayambe ntchito tsiku lomwelo.